Kalata yotseguka: werengani malita ofika kwa mwana wasukulu, osati mijigo yokha

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna yoona za madzi, a Nduna ya Zaumoyo ndi a Nduna ya Zachuma. Mabwanamkubwa a maboma onse ndi makhonsolo awo. Akuluakulu a mabodi asanu a madzi. Ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo.

Mabwana ndi madona athu,

Tikupereka moni waulemu kwa inu nonse, ndipo tikudziwa kuti katundu amene mwasenza ndi wolemera. Olemba kalatayi ndife aphunzitsi, amakaniki a mijigo, alangizi a zaumoyo ndi makolo okhala m'makomiti a sukulu. Talemba poyera chifukwa madzi a pasukulu alibe mwini mmodzi. Ukapita ku ofesi ya zamaphunziro amati mjigo ndi wa a zamadzi. A zamadzi amati mjigo ukangokumbidwa umakhala m'manja mwa omwe akutungapo. A zaumoyo amafika kolera akagwa, ndipo bodi ya madzi imayang'ana bilu. Aliyense akunena zoona pa mbali yake, koma mwana akuwerukabe kukhosi kuli gwa. Choncho tafuna kuti muwerenge nonse nthawi imodzi, makolo nawo akumva.

Mukukumbukira za Januwale 2023. Kutatsala tsiku limodzi kuti teremu iyambe, boma linalengeza kuti sukulu za pulayimale ndi sekondale za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre ziyambe zadikira masabata awiri chifukwa cha kolera. Mliriwo unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo pofika pakati pa 2023 unali utadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Sitikudzudzula chiganizo chimenecho. Koma chinaulula poyera kuti boma lenilenilo silinkakhulupirira kuti mwana akafika pasukulu apeza madzi abwino akumwa ndi osamba m'manja. Ndowa za mpopi ndi sopo zinagawidwa, sukulu zinatsegulidwa. Ndowa imasweka, sopo amatha, ndipo pa sukulu zambiri gwero la madzi likadali momwe linalili mliri usanafike.

Dandaulo lathu loyamba ndi la kawerengedwe. Sukulu imalembedwa kuti ili ndi madzi pabwalo pake pakangooneka mjigo kapena mpopi. Palibe amene amafunsa kuti mjigowo ukutulutsa malita angati, kwa ana angati, miyezi iti. Komatu muyeso ulipo. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2009 a madzi ndi ukhondo m'sukulu, linaika malita 5 pa munthu pa tsiku pa sukulu yoyendera, ndi malita 20 pa sukulu yogonera komweko. Pamene pali zimbudzi zogejemula pamafunika malita ena 10 mpaka 20 pa munthu. Tengani sukulu ya ana 1,200, yomwe kumudzi ndi m'tauni momwe si yachilendo. Ikufunika malita 6,000 tsiku lililonse, kutanthauza ndowa 300 za malita 20. Mjigo wa pamanja wa mtundu wa Afridev wokhala bwinobwino umatulutsa malita pafupifupi 15 pa mphindi. Kuti ndowa 300 zija zidzale, ndiye kuti handulo ikwere ndi kutsika maola 6 ndi mphindi 40 osaima, popanda nthawi yosinthira ndowa, popandanso mayi wa m'mudzi wofika ndi chigubu chake. Mjigo umodzi unawerengeredwa anthu 250. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ana achuluka, midadada yawonjezeredwa, koma pa sukulu zambiri mjigo ukadali umodzi, ndipo midzi yozungulira imatunganso pomwepo.

Onjezerani pamenepo kalendala ya sukulu. Teremu yoyamba imagwa m'chilimwe, Okutobala ndi Novembala, pamene madzi a pansi amakhala atatsika kwambiri, mitsinje itaphwa, ndipo ludzu lili pachimake. Teremu yachiwiri imagwa pakati pa dzinja, nyengo ya kolera, pamene madzi amakhala ambiri koma oipa. Mjigo woyendera alendo mu Juni ukhoza kuoneka wabwino. Mayeso ake enieni ndi Novembala.

Dandaulo lachiwiri, lomwe tikhalepo pang'ono chifukwa ndi limene limatipweteka kwambiri, ndi la mijigo yofa chifukwa cha tizinthu ting'onoting'ono. Afridev si mlendo kuno. Kholo lake, mjigo wa Maldev, unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu a m'mudzi aziukonza okha ndi sipanala imodzi. Zimene zimatha msanga mu mjigowu zikhoza kukwana m'thumba la malaya: U-seal, kalabala kamene kamakweza madzi mu silinda, mabobini awiri otseka ndi kutsegula njira ya madzi, wina mu pulanja yokankha madzi wina mu futivavu, valavu ya pansi yoletsa madzi kubwerera m'dzenje, O-ring ya pa futivavu, mabushi anayi a pulasitiki a pa handulo, ndi masentalaiza, amene amaletsa marodi kukhula mapaipi. Zonsezi zimayenera kusinthidwa chaka ndi chaka, ndipo pa mjigo wa pasukulu, umene supuma, mabushi amafuna kuonedwa kawiri pa chaka.

Zikasiyidwa, vuto laling'ono limabala lalikulu motsatizana. Mabushi akatha, handulo imayamba kugwedera uku ndi uku n'kumalira. Ikapitirira choncho, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, mapini ndi mutu wa mjigo zimaperepeseka, ndipo chimene chikanatha ndi mabushi chimafuna kuwotcherera kapena mutu watsopano. Masentalaiza akatha, rodi imakhula paipi ya pulasitiki mpaka kuiboola, ndiye pamafunika kuzula mapaipi onse, kudula pobookapo ndi kulumikiza ndi guluu, ntchito ya makaniki ndi anthu angapo tsiku lathunthu. U-seal ikatha, ana amapopa mwamphamvu kuti madzi atuluke, akumenyetsa handulo m'mwamba ndi pansi, ndipo zimenezo zimafulumizitsa kuduka kwa marodi.

Pali mayeso awiri amene mphunzitsi aliyense angachite popanda chida china kupatula ndowa ndi wotchi. Oyamba: popani mpaka madzi atuluke, siyani mjigo mphindi 30, kenako werengani kuti mwapopa kangati madzi asanatulukenso. Mukapitirira kasanu, ndiye kuti futivavu kapena paipi ikudontha. Achiwiri: popani mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi madzi akugwera mu ndowa. Akachepera malita 15, U-seal kapena bobini yatha. Mayeso amenewa amatenga nthawi yochepa kuposa asembule ya Lolemba, koma sakupezeka pa fomu iliyonse imene mphunzitsi wamkulu amadzaza, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, akamayendera sukulu safunsidwa kuti awaone.

Chimene chimasowa kwenikweni ndi ndalama yokhala ndi dzina. Komiti ya pamjigo imatolera kwa mabanja mwezi ndi mwezi, koma sukulu, yomwe ndi imene imatunga kwambiri, kawirikawiri silipira kanthu chifukwa ilibe potapa. Anthu a m'mudzi amati mjigo wathyoledwa ndi ana. Sukulu imati wathyoledwa ndi mudzi. Ndalama ya SIG, imene boma limapereka yotukulira sukulu za pulayimale, ili kale ndi zambiri zoti ichite, choko, zitseko, mabenchi, ndipo ikachedwa kufika mjigo sudikira. Makaniki wa m'dera alipo, anaphunzitsidwa, koma amaitanidwa mjigo utafa kale, ndipo nthawi zina amagwira ntchito pa ngongole. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mgwirizano wolipira makaniki kuti azibwera teremu iliyonse mjigo uli moyo ndi wotchipa kuposa kuzula mapaipi, ndipo ana saluza tsiku n'limodzi lomwe.

Dandaulo lachitatu ndi la kakumbidwe. Mijigo yambiri ya pasukulu imadwala chibadwire. Kontirakitala akakumba m'dzinja kapena litangotha, amapeza madzi pafupi, n'kuima pomwepo. Silinda imaikidwa pamwamba, ndiye ikafika Okutobala madzi atsika pansi pake, mjigo umangokoka mpweya. Nthawi zina mankhwala ake ndi kungowonjezera marodi ndi mapaipi awiri kapena atatu, aliyense wa mamita pafupifupi atatu, bola dzenjelo likhale lakuya mokwanira, pokumbukira kuti Afridev imakweza madzi bwino mpaka mamita 45. Koma makaniki sangadziwe zimenezo ngati lipoti la okumba silinasiyidwe pasukulu. Lipotilo limanena kuya kwa dzenje, pamene madzi anapezeka, pamene anaima, pamene pali mapaipi obooka olowetsa madzi, ndi malita amene anatuluka poyesa. Pa sukulu zambiri pepala limeneli palibe, ndipo makaniki amagwira ntchito mongoganizira.

Zina zimene zimalakwika pokumba sizioneka ndi maso tsiku lopereka mjigo. Timiyala tosefa madzi tikachepa kapena tikakhala tosayenera, mjigo umakoka mchenga umene umadya U-seal ndi silinda m'miyezi yochepa. Simenti yotseka mamita apamwamba a dzenje ikapanda kuthiridwa, madzi akuda a pamtunda amatsika m'mbali mwa paipi n'kukalowa m'madzi akumwa. Marodi a chitsulo wamba akaikidwa m'madzi odya zitsulo amachita dzimbiri, madzi amafiira, ndipo marodiwo amaduka, pamene ofunika anali osachita dzimbiri. Zonsezi zimapewedwa ndi chinthu chimodzi: munthu wodziwa ntchito wa ku khonsolo ataima pambali pa makina kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka madzi, ndipo boma lililonse lili ndi ofesi ya zamadzi. Koma mjigo wobwera ngati mphatso, kaya ya bungwe, ya mpingo kapena ya wandale, nthawi zambiri umakumbidwa ofesi imeneyi isanadziwe, kapena yadziwa koma ilibe mafuta a njinga yamoto. Aphungu athu olemekezeka, ndalama za chitukuko cha m'madera mwanu zakumba mijigo yambiri, ndipo tikuthokoza. Tikupempha kuti mjigo uziwerengedwa kuti watha pokhapokha wadutsa chilimwe chimodzi ukutulutsa madzi.

Dandaulo lachinayi: madzi oyera m'maso si onse ali abwino. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje mijigo imatulutsa madzi amchere oti mwana sangameze, ndiye sukulu imaoneka kuti ili ndi mjigo pamene ana akukamwa kumtsinje kapena kudambo, komwe kuli likodzo, ndipo ku Shire kulinso ng'ona. Ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi madera ena a Machinga ndi Karonga, madzi a pansi ali ndi fluoride wochuluka, amene amafiiritsa ndi kuwononga mano a ana pa msinkhu womwe manowo akukula. Malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Mchere ndi fluoride sizichoka ndi kuwiritsa kapena kuthira kolorini. Sukulu zotere zimafunika gwero lina, ngakhale la mapaipi ochokera patali, osati mjigo wachiwiri pambali pa woyambawo.

Palinso kuipitsa kumene timadzichitira tokha. Chimbudzi chakale chikadzaza, makolo amakumba china pamene pali malo, ndipo malowo kawirikawiri amakhala kufupi ndi mjigo. Chimbudzi chiyenera kukhala mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo, kumunsi kwake osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenje lake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Simenti ya pamjigo ikang'aluka, kapena ngalande yake ikatsekeka madzi n'kumadikha pomwepo, litsiro limabwerera m'chitsime.

Za kolorini tinene mosapita m'mbali, chifukwa ndi pamene zambiri zimasokonekera. Ufa wa kolorini wa HTH suthiridwa mu ndowa yakumwa mwachindunji. Magalamu 15, amene ndi supuni yaikulu imodzi yosalazidwa pamwamba, amasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi, ndipo zimenezo zimapanga mankhwala a 1 peresenti. Pa ndowa ya malita 20 ya madzi oyera pamathiridwa pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ya mankhwalawo, n'kudikira mphindi 30. Madzi a matope ayambe adikha ndi kusefedwa, apo ayi kolorini amathera pa matopewo. Pa mphindi 30 zija kolorini wotsala akhale pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita, ndipo zimenezi sizidziwika ndi mphuno. Zimafuna kachipangizo koyezera ndi timapiritsi ta DPD. Akachepa, majeremusi amapulumuka. Akachuluka, ana amakana madziwo chifukwa cha fungo n'kukamwa kuchitsime. Mankhwala osungunulawo amatha mphamvu akakhalitsa kapena akakhala padzuwa. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, kapu imodzi yoviika mu ndowa ndi kumweranso ana 80 imafafaniza ntchito yonseyo. Ndowa ikhale ya mpopi ndi chivindikiro, kapena pakhale makapu awiri, yotungira ndi yomwera.

Dandaulo lachisanu ndi la sukulu za m'tauni ndi zogonera komweko, zimene zimadalira mabodi a madzi. Tikudziwa kuti madzi a m'mipopi ali ndi mtengo. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo bodi ikapanda kulipidwa singathe kulipira magetsiwo. Koma ngongole ya sukulu ya boma ndi nkhani ya pakati pa maofesi a boma. Ndalama zoyendetsera sukulu zikachedwa kuchoka ku Likulu, amene amalangidwa ndi mwana wa Fomu 2 wogona mu hositelo. Mita yolipiriratu imathandiza kuti ngongole isakule, koma mayuniti akatha Lachisanu usiku madzi amaima nthawi yomweyo. Sukulu ya atsikana 500 ogonera komweko imafuna malita 10,000 pa tsiku, ndipo ngati zimbudzi zake ndi zogejemula, malita 15,000 mpaka 20,000. Zimbudzi zotere zikakhala tsiku limodzi opanda madzi zimasanduka gwero la matenda, ndipo ana amayamba kupita kutchire kapena kuseri kwa hositelo usiku.

Apa sukulu nazo zili ndi mbali yake, ndipo sitibisa. Gawo lalikulu la mabilu ena ndi madzi ongotayika kuseri kwa mita. Thanki ya chimbudzi imene valavu yake yafa, ikamataya lita imodzi pa mphindi, imataya malita 1,440 pa tsiku, oposa 43,000 pa mwezi. Mpopi wodontha wodzaza botolo la lita imodzi pa mphindi zisanu umataya malita 288 pa tsiku. Mapaipi achitsulo akale okwiriridwa pansi amadontha zaka ndi zaka osaoneka. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsekani mipopi yonse madzulo, lembani nambala ya pa mita, ndipo muiwerengenso m'mamawa wina asanatsegule. Ikasuntha, pali podontha. Koma sukulu ikapeza podonthapo ilibe pulambala, ilibenso ndalama yosinthira mapaipi, ndiye imangolipirabe madzi omwetsa nthaka. Ndipo sukulu zambiri zolumikizidwa ku mipopi zilibe thanki yosungira, kotero magetsi akangozima kopopera madzi, kapena paipi yaikulu ikaphulika, sukulu imauma ola lomwelo. Tinaziona namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Za mipopi ya madzi otsika okha m'mapiri, imene inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje, Phalombe ndi kwina, tinene mwachidule. Sukulu imene ili kumapeto kwa mzere wa mapaipi ndiyo imayamba kuuma mitsinje ikachepa, chifukwa a kumtunda amakhala atatunga kale. Popanda thanki yodzaza usiku, mpopi wa sukulu yotere umatuluka madzi nthawi imene ana ali kunyumba.

Masiku ano aliyense akufuna pampu ya sola, ndipo pa sukulu yaikulu ndi njira yoyenera: imadzaza thanki masana onse, madzi n'kumatuluka pa mipopi ingapo nthawi imodzi, yotsika moti mwana wa Sitandade 1 kapena wa pa njinga ya olumala afikire. Koma taona momwe imafera. Pampu yamphamvu kuposa chitsime imaphwetsa dzenje n'kuzungulira pouma mpaka kupsa, chifukwa sanayese kuchuluka kwa madzi kapena sanaike kachida koizimitsa madzi akatha. Mapanelo osawotcherera amabedwa pa holide. Nsanja yofooka imagwa, pakuti thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu. Choipitsitsa, mjigo wa pamanja umachotsedwa poika pampuyo, ndiye ikafa sukulu imatsala yopanda kalikonse, ndipo makaniki wa m'dera sanaphunzitsidwe za magetsi. Madzi a mvula nawo asatinamize. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la malata la mdadada wa makalasi awiri, la masikweya mita 160, pa mvula ya mamilimita 800 limakolola malita pafupifupi 100,000 pa chaka tikachotsa otayika. Pa sukulu ya ana 1,200 amenewo ndi a masiku 17 okha, ndipo amagwa nthawi imene thanki ndi yodzaza kale. Ndi abwino posamba m'manja, pokolopa zimbudzi ndi pothirira mitengo, bola magata akhale oyera ndipo madzi oyamba otsuka denga atayidwe. Koma sangakhale gwero lokhalo.

Dandaulo lachisanu ndi chimodzi ndi la amene amalipira zonsezi ndi thupi lawo. Madzi akasowa, otumidwa kukatunga nthawi ya maphunziro kawirikawiri ndi atsikana. Phala la pasukulu, limene mabungwe monga Mary's Meals akhala akupereka kuyambira 2002, limafuna madzi ophikira, otsukira miphika ndi makapu, ndi osamba m'manja ana asanadye, ndipo amayi ophika amadzuka usiku kukatunga. Mtsikana amene ali kumwezi amafuna chipinda chosinthira chokhala ndi chitseko, ndowa ya madzi ndi sopo mkati mwake. Zipinda zotere zamangidwa pa sukulu zina, koma chopanda madzi chimasanduka chosungiramo makasu, ndipo mtsikanayo amasankha kukhala kunyumba. Mu Seputembala 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma, ndipo mbali ina ya chipambanocho inali kusukusula kumaso kwa ana. Chimenecho sichingasungike pa sukulu youma.

Pomaliza pa madandaulo, sukulu ndizo zimasanduka misasa pakagwa ngozi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, makalasi ambiri a m'chigawo chakumwera anasunga mabanja kwa masabata. Mjigo wa pasukulu yotere umagwira ntchito ya chaka m'mwezi umodzi, zimbudzi zimadzaza, ndipo mjigo umene unamizidwa ndi madzi osefukira umafunika kuzulidwa, kupopedwa mpaka madzi ayere, kuthiridwa kolorini wamphamvu n'kugona usiku wonse, kupopedwanso mpaka fungo lithe, kenako kuyezedwa ana asanabwerere. Msasa ukatsekedwa, ntchito imeneyi imatsala ndi mphunzitsi wamkulu yekha.

Chifukwa cha zonsezi, tikupempha mwaulemu izi:

1. Unduna wa Zamaphunziro usinthe kalembera wa sukulu wa chaka ndi chaka kuti azifunsa malita opezeka pa mwana pa tsiku, ndi masiku amene sukulu inakhala yopanda madzi teremu iliyonse. Sukulu yosafika malita 5, kapena 20 ngati ndi yogonera, ilembedwe kuti ilibe madzi okwanira, ngakhale pabwalo pali mjigo.

2. Mu SIG ndi mu ndalama zoyendetsera sukulu za sekondale mukhale gawo la madzi lolembedwa padera, lowerengedwa potengera chiwerengero cha ana, losaloledwa kugulira china, ndipo lizifika teremu isanayambe.

3. Sukulu iliyonse ya mjigo ikhale ndi mgwirizano wolembedwa ndi makaniki wa m'dera woti azibwera kamodzi pa teremu, ndipo mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu muzikhala U-seal, mabobini, O-ring, mabushi ndi masentalaiza osungira. Pamene mjigo ndi wogawana ndi mudzi, komiti ya sukulu ndi ya pamjigo zisainirane pamaso pa a nyakwawa za maola otungira ana ndi gawo limene aliyense azilipira.

4. Mjigo uliwonse wa pasukulu, kaya wapereka ndani, usakumbidwe popanda woyang'anira wa ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo, ndipo mafuta ake awerengeredwe mu mtengo wa ntchitoyo. Lipoti la okumba lisiyidwe pasukulu. Gawo la malipiro a kontirakitala, osachepera 10 peresenti, lisungidwe mpaka mjigo utayesedwa mu Novembala.

5. Madzi a sukulu iliyonse ayezedwe majeremusi kawiri pa chaka, m'chilimwe ndi m'dzinja, komanso mchere ndi fluoride pa gwero lililonse latsopano. Zotsatira zimatidwe pakhoma la ofesi kuti makolo aziona. Sukulu za madzi amchere ndi a fluoride zikhale patsogolo polandira mapaipi.

6. Alangizi a zaumoyo apatsidwe HTH, zoyezera ndi timapiritsi ta DPD chaka chonse, osati kolera akafika, ndipo aphunzitse aphunzitsi awiri pa sukulu iliyonse.

7. Unduna wa Zachuma uzilipira mabilu a madzi a sukulu za boma mwachindunji ku mabodi, ndipo mabodi asadule madzi pa sukulu ana ali mkati mwa teremu. Mita yolipiriratu ya pasukulu ikhale ndi mayuniti apangozi a masiku osachepera atatu. Mbali ya sukulu ikhale kuyesa mita usiku mwezi ndi mwezi ndi kupereka lipoti.

8. Sukulu iliyonse ya mipopi ikhale ndi thanki yokwanira masiku awiri, yovindikira, yotsukidwa teremu iliyonse.

9. Pampu ya sola isaikidwe chitsime chisanayesedwe kuchuluka kwa madzi ake, ndipo pakhale mjigo wa pamanja wodalira ikafa.

10. Mdadada watsopano, hositelo kapena khitchini ya phala zisavomerezedwe popanda pulani yosonyeza komwe malita owonjezerawo achokere. Sukulu imene yasunga anthu pa ngozi ikonzeredwe mjigo ndi zimbudzi kuchokera ku ndalama za ngozizo ana asanabwerere.

11. M'boma lililonse bwanamkubwa atchule ofesala mmodzi woyankha za madzi a m'sukulu, nambala ya ofesi yake idziwike kwa aphunzitsi akuluakulu onse, ndipo sukulu ikauma afikepo pasanathe masiku atatu.

Tikupempha kuti yankho lanu libwere poyera, m'nyuzipepala kapena pa wailesi, teremu ikubwerayi isanayambe, ndipo linene zopempha zimene mwavomera, ofesi imene itsogolere chilichonse, ndi tsiku loyambira. Amene angafune kudzionera yekha, asankhe sukulu iliyonse m'dera lake mwezi wa Novembala. Ife tidzamudikira pamjigo ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi.

Ndife anu mwaulemu,

Aphunzitsi, amakaniki a mijigo, alangizi a zaumoyo ndi makolo a m'makomiti a sukulu